Injini za Moto Zitapuma Nchito

Mlimi ali yense woweta ng'ombe za mkaka kuno ku Palabana adziwa kuti limafika tsiku pamene ng'ombe imene inadyetsa banja zaka zambiri ileka kutulutsa mkaka. Pamenepo mwini ayenera kusankha cimodzi mwa zitatu: kuigulitsa kwa wopha nyama, kuipereka kwa mnansi amene ali ndi busa lalikulu, kapena kuisunga m'khola cifukwa ca cifundo cokha, ngakhale adziwa kuti idzapitirira kudya msipu ndi gaga tsiku ndi tsiku. Mlandu wotere unagwera eni njanji a m'maiko onse pamene injini za dizilo zinalanda nchito ya injini za moto, zija zoyenda ndi malasha ndi nthunzi. Zambiri zinadulidwa ndi kusungunulidwa. Zowerengeka zinagulidwa ndi anthu ozikonda, ndipo zina zinatsala ziri ciimire pa dzuwa ndi pa mvula.

M'nkhani ino ndifuna kuweruza nchito ya kugulitsa, kukonza ndi kusunga injini zotere m'dziko lathu la Zambia. Ndidzachula injini ziwiri za njanji ya ku Mulobezi, ina imene inaoloka nyanja ndi ina imene inatsala kuno, pamodzi ndi zinzao zimene zinasonkhanitsidwa m'nyumba yosungiramo za njanji ku Livingstone. Muyeso umene ndidzayesera ndi uwu: injini yasungidwa bwino ngati ana ndi adzukulu a anthu amene anaitumikira angathe kuiona, kumva mbiri yace, ndi kuphunzira m'mene imagwirira nchito. Utoto wonyezimira ndi mtengo waukulu wa malonda ndi zinthu zotsatira pambuyo.

Wina adzati, "Nanga ife a m'boma la Chongwe tiri nazo ciani, popeza njanji sidutsa kwathu?" Yankho lace liri pafupi. Mzinda wa Lusaka, kumene mkaka, cimanga ndi ndiwo zathu zimagulidwa, unayamba m'caka ca 1905 monga kamalo kopatukirapo sitima, ndipo unakhala likulu la dziko m'caka ca 1935. Pakadapanda njanji, msika umene utidyetsawo sukadakhala pamene uli. Ndiponso makolo ambiri a kum'mawa, ocokera ku Fort Jameson, Petauke ndi Nyasaland, anatsata mseu waukulu wodzera ku Chongwe kudzakwera sitima ku Lusaka, ena kunka ku migodi ya mkuwa, ena ku Wankie, Bulawayo ndi Johannesburg. Ndalama za msonkho, za sukulu ndi za cikwati za mabanja ambiri zinabwera kumudzi zitakokedwa ndi injini za moto.

Tiyeni tiyambe taona m'mene zinadzera ndi m'mene zinathera. Njanji yocokera kumwera inafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1904. Ulalo wa pa Zambezi unatha mu 1905. Sitima inafika ku Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, mu 1906, ndi ku malire a Congo mu 1909. Kampani ya Rhodesia Railways inayendetsa njanjiyo ndi malasha a ku Wankie, ndipo m'zaka za m'ma 1950 inagula injini zazikulu za mtundu wa Garratt kwa Beyer, Peacock a ku Manchester, zokhala ndi boila pakati ndi magudumu okoka kutsogolo ndi kumbuyo. Koma m'caka ca 1965 boma la Ian Smith linagalukira Britain, ndipo mu 1967 njanji inagawidwa pawiri, nibadwa Zambia Railways. Sikunali kwa nzeru kuti dziko laufulu lidalire malasha a mdani wace, cotero Zambia inafulumira kugula injini za dizilo. Njanji ya TAZARA, imene inatha mu 1975, inayamba ndi dizilo kucokera tsiku loyamba. M'zaka zowerengeka cabe moto unazima m'injini zimene zinali zisanakalambe n'komwe.

Ku Zimbabwe zinayenda mwina. Kumeneko malasha anali pakhomo ndipo mafuta ndiwo anali osowa, cotero ca m'ma 1980 anakonzanso injini za Garratt zoposa 80 ku Bulawayo, nazibwezera pa nchito. Ici citiphunzitsa kuti injini ya moto siifa ndi ukalamba. Imafa pamene eni ace aona kuti kuidyetsa kwaposa phindu lace, ndipo imauka pamene pali amisiri ndi cifukwa coiutsira.

Njanji ya ku Mulobezi inali ya mtundu wace. Inamangidwa ndi kampani yoceka matabwa ya Zambezi Saw Mills m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, kucokera ku Livingstone kunka kumadzulo mtunda woposa makilomita 160, kuti ikatenge mitengo ya mukusi. Mtengo umenewu ndi wolimba kwambiri, ndipo unkacekedwa kukhala mitanda yogonekapo njanji ndi matabwa a pansi m'nyumba. Kampaniyo sinkagula injini zatsopano. Inkatola nkhalamba zimene Rhodesia Railways ndi njanji za ku South Africa zinatopa nazo, nizisonkhera moto ndi zidutswa za mitengo ya m'maceka ace. Cifukwa ca ici injini zopangidwa m'masiku a Mfumukazi Victoria zinali kugwirabe nchito m'nkhalango za kumeneko dziko lathu litalandira kale ufulu. Tiyenera kukumbukira mfundo imeneyi tisanayambe kudandaula za malonda: injini za ku Mulobezi zinafika kwa ife mwa kugulidwa kwa ena, ndipo kugulitsidwako ndiko kunazipulumutsa ku ng'anjo ulendo woyamba.

Imodzi mwa nkhalambazo inali ya nambala 993. Inapangidwa ku Glasgow m'caka ca 1896 ndi kampani ya Sharp, Stewart, nigwira nchito zaka zambiri ku South Africa isanabwere ku Zambezi. M'zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda anaipereka, pamodzi ndi ngolo yogonamo apaulendo, kwa David Shepherd, Mngelezi wojambula zithunzi za njobvu ndi za sitima, amene anakhala ndi moyo kucokera mu 1931 kufikira mu 2017. Shepherd anali atathandiza dziko lathu kupeza ndege ya helikopita yosakira anthu opha nyama za m'thengo mopanda cilolezo. Ndiponso sanali mlendo pa za injini, pakuti mu 1967 anagula ziwiri kwao ndi ndalama za zithunzi zace. Injini ya 993 inakwera combo nifika ku Britain mu 1975, ndipo pambuyo pace inalowa m'manja a National Railway Museum, niikidwa ku Shildon, kumpoto kwa England.

Kodi tinene kuti tinalandidwa? Ine ndiyesa kuti iai. Nkhani yace isiyana ndi ya cigaza ca munthu wakale cimene cinapezeka mu mgodi wa Broken Hill mu 1921 nicitengedwa kunka ku London eni dziko osafunsidwa, cimene boma lathu lakhala likupempha kuti cibwerere. Injiniyi inaperekedwa ndi mtsogoleri wa dziko laufulu, masana, kwa munthu amene anaticitira zokoma. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti mlendoyu anaona mtengo wa cinthu cimene ambiri a ife tinkaciyesa citsulo cakutha. Injiniyo inapeza denga, ndipo dzimbiri silinaidye.

Komabe pa muyeso wathu uja ipereŵera kwambiri. Njanji za kuno n'zotalikirana mamilimita 1,067, pamene za ku Britain n'za mamilimita 1,435. Cotero injiniyo singathe kuyenda pa njanji za dziko limene inapitako. Ikhala monga ng'oma yopacikidwa m'nyumba ya munthu wosadziwa gule wace. Ndipo mdzukulu wa munthu amene anaidulira nkhuni ku Mulobezi, ngati afuna kuiona, ayenera kupeza pasipoti, cilolezo colowera m'dziko la eni, ndi ndalama za ndege. Thupi lace linasungidwa bwino. Koma anthu ace analitaya.

A BBC anajambula filimu ya Shepherd ndi njanji imeneyi, naicha Last Train to Mulobezi, ndiko kunena sitima yotsiriza ya ku Mulobezi. Tiyenera kuyamika filimuyo cifukwa inasunga maonekedwe a injini ziri pa nchito, zimene palibe wa ife anaziika pa cithunzi coyenda. Koma dzina lace liulula maso amene anaonera. Kwa wokonda nthunzi, njanji inatha pamene moto unazima. Kwa anthu a ku Mulobezi sitima sinathe, pakuti kwa zaka zambiri pambuyo pace inapitirira kuyenda ndi dizilo, pang'onopang'ono pa njanji yotopa, itanyamula anthu, katundu ndi ng'ombe zao. Apa pali bvuto la nchito yonse yosunga injini: kawirikawiri wosungayo akonda makina kuposa ulendo, ndipo aiwala cifukwa cimene sitima inayendera.

Tisanaweruze injini yaciwiri, nkofunika kuti awerengi adziwe tanthauzo la mau akuti kukonza. Pali kukonza kuwiri. Kwina ndi kwa maso cabe: kupala dzimbiri, kupaka utoto wakuda, kulemba nambala ndi kupukuta mkuwa. Kumeneku anyamata asanu angakuthe m'miyezi yowerengeka. Kwina ndi kwa moto, kuti injini iyendenso ndi mphamvu yace, ndipo kumeneku ndiko kumasaukitsa anthu olemera.

Mtima wa injini ndi boila, ndiwo mphika waukulu wa citsulo wodzala ndi madzi. Kumbuyo kwace kuli ng'anjo, ndipo moto ndi utsi zimadutsa m'mapaipi ambirimbiri opyola m'madzimo kufikira ku cumuni. Madzi akawira, nthunzi imapanikizika, nilowa m'masilinda, nikankha mapisitoni, ndipo mikono ya citsulo imazunguza magudumu. Makoma a ng'anjo amagwiriziridwa ndi timizati ta citsulo mazanamazana, ndipo tikathyoka tambiri khomalo limafooka. Ali yense amene anaona njereza yoyera imene madzi a m'zitsime za kuno amasiya m'ketulo adzamvetsa cimene cimacitika m'boila ya zaka 50: njereza imamatirira, citsulo cimapsya, ndipo dzimbiri limadya m'kati mosaoneka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Boila yotere ikaphulika imapha onse amene ali pafupi. Cifukwa cace asanasonkhe moto amaiyesa ndi madzi ozizira opopedwa ndi mphamvu yoposa ya pa nchito, ndipo ku Britain boila iri yonse imatsegulidwa ndi kupendedwa yonse zikapita zaka khumi. Zitsulo zosinthira sizigulidwa m'sitolo, pakuti mafakitale amene anazipanga anatsekedwa kale. Ciri conse ciyenera kusulidwa, kuumbidwa kapena kusemedwa pa makina ndi mmisiri wodziwa.

Za mtengo wace tingaphunzire kwa injini yochuka koposa ya ku Britain, Flying Scotsman, yopangidwa mu 1923. M'caka ca 1963 Alan Pegler anaigula ndi mapaundi 3,000, ndipo patapita zaka zosakwana khumi cuma cace cinatha ataiyendetsa ku America. M'caka ca 2004 National Railway Museum inaigula ndi mapaundi 2.3 miliyoni, ndipo kuikonza kunatenga zaka khumi, kucokera mu 2006 kufikira mu 2016, ndi ndalama zoposa mapaundi 4 miliyoni. Mlimi adzazindikira msanga nkhani imeneyi, pakuti mtengo wa ng'ombe pa msika ndi wocepa poyerekeza ndi cakudya ndi mankhwala a moyo wace wonse. Ku Barry, m'dziko la Wales, a Woodham Brothers, ogula zitsulo zakutha, anagula injini 297, koma anatanganidwa ndi kudula ngolo za katundu, ndipo pa nthawi imeneyo anthu anasonkherana ndalama naombola injini 213. Zambiri za izo zinakonzedwa ndi anthu wamba ogwira nchito mwaulere pa masiku opuma, zina kwa zaka makumi awiri kapena kuposa. Cimene cinaziutsa si cuma ca munthu mmodzi koma khamu la manja odziwa.

Tsopano tione injini yaciwiri, ya nambala 156. Inapangidwa ku Glasgow mu 1922 ndi North British Locomotive Company, nitumikira Rhodesia Railways, kenaka nigulitsidwa kwa oceka matabwa a ku Mulobezi. Nayonso inapulumuka ndi cithandizo ca Shepherd, koma sinacoke m'dziko. Inakhala cuma ca bungwe la boma losunga zakale, ndipo inapatsidwa dzina lakuti Princess of Mulobezi. Caka ca 2000 citapita, kampani ya Bushtracks inaikonza kukonza kwa moto, niyamba kukoka sitima ya alendo yochedwa Royal Livingstone Express, imene inkatenga anthu madzulo kudzera m'nkhalango ya nyama ya Mosi-oa-Tunya kapena kukaima pa ulalo wa pa mathithi, iwo akudya cakudya ca madzulo m'ngolo zakale za matabwa.

Mwa njira zonse zimene tiri kuzipenda, iyi ndiyo iposa, ndipo ndinena ici mosakaika. Injini sinagulitsidwe, koma inapeza woidyetsa. Inatsala pa njanji yace, m'dziko lace. Ana a m'makomboni a Livingstone anamva kulira kwace ndi kuona utsi wace popanda kulipira kanthu. Coposa zonse, pofuna kuti iyende panafunika woyendetsa, wosonkha moto, wokonza boila ndi wothira mafuta, ndipo nzeru zimenezi sizikhala m'buku koma m'manja. Zikapanda kugwiritsidwa nchito mbadwo umodzi, zatha. Injini yoyenda ndi sukulu, pamene yoima ndi cipilala ca pa manda.

Cilema cace ndi ici, kuti ulendowo unakonzedwera alendo olemera. Mtengo wa munthu mmodzi unali woposa madola 100, ndalama zimene mphunzitsi kapena kalaliki sangataye pa cakudya ca usiku umodzi. Sindinena kuti eni ace analakwa poika mtengo wotere, pakuti taona kale m'mene boila imadyera ndalama. Koma tiyenera kuona cithunzi cimene cigulitsidwa. Ndi ca ulendo wa Bwana wa masiku a atsamunda, wa nsalu zoyera pa gome ndi otumikira oimirira pambali. Makolo athu sanayende cotero. Anakwera ngolo za kalasi yotsiriza, pa mipando ya matabwa, atapanikizana ndi mitolo yao, ndipo injini yomweyi pa nchito yace yeniyeni inkakoka zipika za mitengo. Ngati mwana wa lero adziwa sitima ya moto mwa maonekedwe a phwando okha, ndiye kuti injini yakonzedwa koma mbiri yace yapindidwa.

Zatsala zija za m'nyumba yosungiramo za njanji ku Livingstone, imene iri pa malo pamene Zambezi Saw Mills inkakonzera injini zace. Malowo anaikidwa pa mndandanda wa zikumbutso za dziko m'zaka za m'ma 1970, ndipo anatsegulidwa kwa anthu mu 1987. Kumeneko kunasonkhanitsidwa injini za mibadwo yosiyanasiyana, kuyambira nkhalamba za ku Mulobezi kufikira zimphona za Garratt, pamodzi ndi ngolo, zida ndi zithunzi. Amene anaganiza zosunga malowa ayenera ulemu, pakuti anacita ici pa nthawi imene mtengo wa mkuwa unagwa ndipo boma linali ndi njala zina zambiri. Pa muyeso wathu nyumbayi ipambana pa mfundo yoyamba: mwana wa sukulu wa m'Zambia angafikeko pa basi, nakhudza gudumu lalitali ngati iye mwini.

Koma injini zambiri zinaikidwa pabwalo, popanda denga, ndipo citsulo sicipirira mvula ya zaka makumi. Madzi amalowa pa cumuni nakhala pansi pa boila. Matabwa a ngolo amafumbwa ndi kuola. Ndipo kuli konse m'maiko a kuno kumwera mkuwa wa pa injini zoima umakopa akuba, cifukwa ogula zitsulo zakutha amaulipira bwino. Kusunga kotere, kukapanda ndalama za caka ndi caka, kumasanduka kutaya kwa pang'onopang'ono. Mtundu umene ukana kugulitsa cinthu, koma nucileka ciole pamaso pace, sungadzitame kuti uposa wogula uja amene anacimangira denga.

Pali cosowa cina cimene cikhudza njira zonse zitatu, ndico anthu. Mabuku a okonda sitima adziwa nambala ya injini iri yonse, kulemera kwace ndi tsiku limene inatuluka m'fakitale. Koma za amuna amene anasenza mitanda, kukumba dothi ndi kutunga madzi anena zocepa. Kwa zaka zambiri za ulamuliro wa atsamunda munthu wakuda sanaloledwe kuyendetsa injini za Rhodesia Railways. Nchito yace inali kupukuta, kucotsa phulusa ndi kukweza malasha. M'mwezi wa October 1945 anchito akuda a pa njanji ananyanyala nchito ku Bulawayo, ndipo kunyanyalako kunafalikira kumpoto kufikira ku Broken Hill. Dixon Konkola, mtsogoleri wa cigwirizano ca anchito a pa njanji ku Broken Hill, anakhalanso mmodzi wa omenyera ufulu wa dziko. Injini ya Garratt yoima popanda mbiri imeneyi pambali pace inena theka la coonadi. Ndipo mitengo ya mukusi imene inatha m'nkhalango za kumadzulo nayo iyenera kuchulidwa, pakuti njanji inabweretsa malipiro nicotsa nkhalango.

Nanga kugulitsa nkoipa nthawi zonse? Ndiyesa kuti iai, malinga kucitike mwa dongosolo. Dziko losauka silingathe kusunga injini iri yonse, ndipo n'kwabwino kusunga zisanu pansi pa denga kusiyana ndi kuonerera makumi awiri zikusanduka pfumbi lofiira. Anthu a maiko ena amazifunadi: njanji ya Welsh Highland ku Wales imayendetsa injini za Garratt zimene zinagulidwa ku South Africa zitatha nchito. Koma pali malire amene tiyenera kuika. Coyamba, ziwerengedwe zonse, kuli konse kumene zagona, ndipo mndandanda wace ukhale poyera, cifukwa cinthu cosalembedwa cimasowa usiku popanda wofunsa. Caciwiri, yotsiriza ya mtundu wace isacoke m'dziko ngakhale wogula atachula mtengo wotani. Cacitatu, kubwereketsa kwa zaka zowerengedwa kuposa kugulitsa, monga tinaonera pa 156. Cacinai, ndalama za malonda otere zisalowe m'thumba lalikulu la boma, koma zimange madenga ndi kulipira ophunzira nchito. Cacisanu, yosatheka kukonzeka isapite kwa wodula zitsulo asanaicotse ziwalo zimene zingacize inzace.

Lamulo nalo lifunika kulipenda. Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission linaika tsiku la 1 January 1924 monga malire a zinthu zimene zitetezedwa cifukwa ca ukale wace. Injini za Garratt za m'ma 1950 n'zazing'ono pa msinkhu umenewo, cotero citetezo cao cidalira kuti wina azichule ndi kuzilembetsa mwa dala. Komatu zimenezi ndizo zinakoka mkuwa wa dziko lino pa nthawi ya Citaganya ndi pa m'bandakuca wa ufulu, ndipo ndizo zimene agogo athu amene ali moyo azikumbukira.

Ndipo wokonza ali yense, akhale wa kuno kapena wa kunja, apemphedwe zinthu ziwiri monga mbali ya pangano. Atenge anyamata ndi atsikana a m'masukulu a nchito za manja kuti aphunzire pambali pa amisiri ace. Ndiponso apatule masiku ena pa caka pamene ana a sukulu adzakwera pa mtengo wa basi, m'ngolo wamba, wina akuwafotokozera za amene anamanga njanjiyo. Zimenezi sizingagwetse malonda a munthu, koma zingasandutse cosangalatsa alendo kukhala cuma ca eni dziko.

Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu ndinena mau awiri. Oyamba ndi akuti musapeputse nchito ya citsulo. Wodziwa kuocerera boila, kusema citsulo pa makina ndi kuyesa mphamvu ya nthunzi sasowa nchito, pakuti maboila alipo m'mafakitale a shuga, a moŵa ndi a mkaka, m'zipatala, ndi ku Maamba kumene malasha amapangira magetsi. Injini yakale ndi buku lotseguka la nzeru zimenezi, cifukwa ziwalo zace zonse zioneka ndi maso.

Aciwiri ndi ofulumira koposa. Munthu amene anali ndi zaka 20 pamene Zambia Railways inabadwa mu 1967 lero ali pafupi ndi zaka 80. Ena a iwo anapuma nchito nabwerera ku midzi, ndipo mwina mmodzi akhala pafupi ndi kwanu, ku Chongwe, ku Kabwe kapena ku Chipata. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma moto wa nkhani iyi ukazimira mwa iwo osaupala wina, sudzayakanso. Pitani kwa iwo ndi kope ndi pensulo, kapena ndi foni yojambula mau. Afunseni kuti ankadzuka nthawi yanji kukasonkha moto, ankalandira zingati pa mwezi, anamva bwanji tsiku limene munthu wakuda anayamba kukhala pa mpando wa woyendetsa, ndi maina amene ankacha injini zao m'cinenero cao. Lembani m'Cinyanja, m'Cisoli, m'Citonga kapena m'Cilozi, monga anenera iwo eni. Boila yobooka ingapangidwenso ndi amene ali ndi ndalama, ndipo injini yogulitsidwa ingaomboledwe tsiku lina. Koma nkhalamba ikaikidwa m'manda ndi mbiri yace, palibe mmisiri amene angaikonze.